Tinati Nsupa Sinasweke

Lolemba, 7 Epulo 2025, madzulo

Andigoneka pa bedi 9, pafupi ndi zenera losatsekeka. Kope ili ndi la kalabu yathu ya alimi ku Simlemba, ine ndine mlembi wake, koma masamba akumbuyowa palibe adzawafune. Ndikapanda kulemba ndipenga. Chibadwire sindinakhalepo tsiku lathunthu manja ali pamwendo, ndiye lero akuti gonani, dikirani.

Jenala Phiri, zaka 23. Mimba yoyamba, masabata 38. Msana unayamba kuwawa dzulo m'mawa, ukubwera n'kupita. Kuchipatala chaching'ono kwathu anandipima n'kunena kuti mutu wa mwana uli m'mwamba ndipo ine ndine wamfupi, kuli bwino ndikachirire kuchipatala chachikulu. Ufupi wanga lero wasanduka matenda, abale!

Gadiyani wanga ndi apongozi, a NyaZgambo. Amuna anga a Chiukepo anangondikweza ambulansi n'kubwerera kuchigafa, poti fodya wauma ndipo akufunika kusankhidwa msika usanatsegulidwe.

Tisananyamuke apongozi anakatenga kansupa kwa mayi wina wa zitsamba m'mudzi mwathu. Ndi kakang'ono ngati dzira la bakha, kotseka ndi chitsononkho. Akuti mankhwala ake amamasula njira ngati wina wakumanga. Pageti mlonda amasecha zikwama chifukwa mankhwala achikuda saloledwa muno, koma iwo anakakulunga m'mpango n'kukakwirira m'thumba la ufa. Tinadutsa bwinobwino. Ndiye tangomvani izi. Tangolowa m'chipinda chopimira, namwino, Sisita Modester, cholembera m'manja, osayang'ana n'komwe katundu wathu, akuti:

“Nanga nsupa yasweka?”

Apongozi anafumbata thumba la ufa lija. “Yayi, yayi, sinasweke. Ili makora.”

“Zoona, mayi?” Sisita akuyang'ana ine.

“Zoona, sinasweke.”

Analemba n'kupitiriza, osakalipa, osatilanda. Anthu a muno amaona mpaka m'kati mwa ufa, eti? Apongozi akuti mwina nawonso ndi a kumudzi, amazidziwa zinthuzi.

Kuthamanga kwa magazi 110/70. Kutentha kwa thupi 36.9. Mtima wa mwana 142. Njira yatseguka masentimita awiri.

Chimodzi sindinawauze chifukwa ndi chamanyazi. Kuyambira Lachisanu mkodzo ukumangodontha wokha. Ndinali m'chigafa, nditawerama kutola mtolo wa masamba, ndinangomva zofunda zikutsika m'ntchafu, apongozi aamuna ali chapompo. Ndinathawira kuseri. Apongozi aakazi anati mwana akuponda chikhodzodzo, zimachitika. Ndikumavala nsanza n'kumasintha. Ndisanakwere pabedi lopimira ndinathamangira kubafa kukasamba, kuti asanene kuti akazi a ku Simlemba ndi auve.

Lachiwiri, 8 Epulo, m'mawa

Kuno tsiku limayamba ndi chikolopa. Dzuwa lisanatuluke bwino mayi wokolopa wafika kale: kwezani mapazi, kwezani zikwama, magadiyani onse panja. Phala 7 koloko. Adokotala 9 koloko, ophunzira akulondola pambuyo ngati anapiye.

Njira: masentimita awiri, monga dzulo. Andipima adokotala, kenako wophunzira wina wamkazi wapempha kuti ayeseko. Ndavomera, nanga akaphunzirira pa ndani? Ndikawerenga, kupimidwa ndi zala kwakwana kasanu n'kamodzi. Kawiri Lamulungu kwathu, pamene apongozi anaitana mayi wa zitsamba uja kuti aone ngati nthawi yakwana. Iyeyo magolovesi alibe, anangopaka zala mafuta ophikira. Kamodzi kuchipatala chaching'ono, kamodzi dzulo, kawiri lero.

Pa bedi 10 pali Patuma, wa ku Machinga. Iye ndi mwamuna wake ndi matenanti pa esiteti ina ku Kaomba. Mimba yachisanu. Sadandaula kanthu, amangodya nzimbe n'kumandiyang'ana ndikuzungulira.

“Achemwali, mukumba mseu pasimentipo. Khalani pansi.”

Sindingathe. Ndayenda wodi yonse maulendo khumi ndi awiri. Mabedi alipo 24, azimayi 31, otsalawo ali pa matiresi pansi.

Masana

A Chiukepo aimba foni. Moni wake ndi wakuti, “Bwanji, simunachirebe?” Ndawauza kuti mwana si belo ya fodya yoti n'kuidinda ndi jeke. Aseka, ine sindinaseke. Akuti kwachita mitambo, akuopa kuti chigafa chidontha.

Apongozi abweretsa futali wa mbatata. Ndadya masipuni atatu, wotsala wamaliza Patuma. M'tiyi anandidonthezera za m'kansupa muja, atandibisa ndi chitenje. Kuwawa kwake ngati ndulu! Ndamwa n'kudikira. Palibe chamasuka.

Ndapita kwa Sisita Modester kuti andipimenso. Akuti sitipima pafupipafupi popanda chifukwa. Ndakakamira, ndaima pakhomo pawo mpaka atopa nane. Masentimita atatu osakwana. Kachisanu n'chiwiri.

Chakumadzulo

Thupi likuchita tsemwe kunja kukutentha. 37.9. Andibaya chala kuyeza malungo, akuti mulibe. Panado awiri.

Nsanza zayamba fungo lina lake, losafanana ndi la mkodzo. Ndachapa zitatu n'kuyanika kuseri kwa bafa kuti anthu asaone. Mimba ikuwawa ndikaikhudza, osati kuwawa kobwera n'kupita kuja, koma kongokhala. Ndatopa ndi malo ano. Ndikufuna mwana wanga m'manja ndizipita.

Lachitatu, 9 Epulo, 8 koloko



Patuma anadzuka kuti akatenge phala. Atangoima, madzi anangoti khuthu pansi, mpaka kufika pa masilipasi anga. Mayi wokolopa uja anakuwa: “Sisita! Bedi 10, nsupa yasweka!”

Ine chitsiru ndinasuzumira pansi pa bedi kufuna zibenthu zake. Ndinkati kani Patuma nayenso anazembetsa yake. Panalibe chibenthu ngakhale chimodzi, madzi okhaokha.

“Patuma, nsupa yako ili kuti?”

Anaseka atagwira chitsulo cha bedi. “Achemwali, mwafika mwezi wachisanu n'chinayi osadziwa nsupa? Ndi thumba la madzi lomwe mwana amakhalamo. Madzi ake ndi amene mwapondawa. Kusikelo simunkamva?”

Kusikelo ndinkafika ataphunzitsa kale. Ndinkayamba ndathyola fodya mizere iwiri, kenako njinga makilomita khumi.

“Amatuluka chonchi nthawi zonse? Ambiri chonchi?”

“Ayi. Wachitatu wanga ankangodontha pang'onopang'ono ngati mpopi wotha. Anandigoneka tsiku lomwelo n'kundipatsa mankhwala, akuti thumba likabooka tizilombo timakwera.”

Anamutenga kupita naye kochirira. Ine ndinatsala nditaima m'madzi mwake.

Ndatuluka kukapeza apongozi kumalo a magadiyani. Ndawauza zonse. Akuti: “NyaPhiri, mwana wane, tikanena atifunsa kuti nanga ife tinkanena nsupa iti. Atichititsa manyazi pa anthu. Tadikirani adokotala adutse, mwina aona okha.”

Ndabwerera pabedi. Ndakhala. Ndaima. Ndakhalanso. Mwana chiyambire m'mawa wagunda kawiri kokha, iye amene amandimenya nthiti tsiku lonse. Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri, lero. Ndikuopa. Ndikuopa kwambiri.

Manyaziwo akhale. Ndikupita kwa Sisita.

11 koloko

38.9. Mtima wanga 118. Mtima wa mwana 176, akuti wathamanga kwambiri. Diripi kudzanja lamanzere. Jakisoni awiri m'diripi momwemo. Njira masentimita anayi. Akuti opaleshoni. Ndasaina. A Chiukepo sakuyankha foni.

Ambuye, mwanayu sanalakwe kanthu.

Lachisanu, 11 Epulo

Ndili wodi ina, ya ochira ndi opaleshoni, bedi 3. Dzulo sindinkadziwa kuti dzanja langa lili kuti. Lero ndilemba pang'onopang'ono, ndikatopa ndisiya.

Mwana ndi wamkazi. Makilogalamu 2.9. Anabadwa Lachitatu 12:40 masana. Sanalire. Ndinali maso, atandibaya pamsana, nsalu yobiriwira itatchinga. Ndinamva fungo lokha, fungo loipa, ndi mawu a munthu akuti fulumirani. Ndinafunsa kuti bwanji sakulira. Wina anandigwira pamphumi n'kunena kuti akumuthandiza kupuma. Ali ku chipinda cha ana odwala, chomwe kuno amati nazale. Sindinamuonebe.

Ndilembe za Lachitatu zisanandithawe.

Nditalowa kwa Sisita Modester ndinangoti, “Sisita, madzi akhala akudontha kuyambira Lachisanu.” Anaika cholembera pansi.

“Lachisanu liti?”

“Lapitali.”

Anawerenga pa zala, milomo ikuyenda. “Koma Lolemba ndinakufunsani. Munati nsupa sinasweke, nonse awiri.”

Ndisanayankhe, apongozi anali pakhomo. Sindinadziwe kuti anditsatira. Analowa, manja ali mbuu ndi ufa, n'kumasula mpango, n'kuika kansupa kaja patebulo pafupi ndi mafayilo.

“Ife tinkanena iyi. Sinasweke, onani. Munikalipire ine, mwanayu yayi.”

Ndinkayembekeza kuti Sisita aseka kapena akuwa. Anangoyang'ana kansupako, kenako anagwira mutu ndi manja onse awiri. “Mayo ine. Ndikanangoti madzi.” Basi, anaimirira n'kuyamba kuthamanga.

Anabwera adokotala a Davison, aatali, olankhula mofatsa ngati akuwerenga kalata. Anandiona ndi chitsulo ndi tochi, osati zala. Akuti thumbalo linabooka kachiboo chakumtunda, n'chifukwa chake opima ankalimva kumunsi lili lotupa bwinobwino. Akuti likangobooka, khomo la mwana latseguka. Pakadutsa maola 18 amayamba kale kupereka mankhwala otchinjiriza. Ine panadutsa maola opitirira 120.

Anandifunsa mafunso ambiri diripi ikulowa. Mimba yoyamba? Inde. Kuwawa kunayamba liti? Lamulungu. Akuti matenda akatalika chonchi tizilombo timapeza nthawi. Mwapimidwa kangati ndi zala? Ndinatsegula kope lino n'kuwawerengera kasanu n'kawiri konse, ndi za mafuta ophikira zomwe. Anakweza nsidze. Akuti thumba likabooka, chala chilichonse cholowa chimakankhira tizilombo m'mwamba, ngakhale cha magolovesi, nanji chopanda. Ndinakumbuka momwe ndinaimira pakhomo la Sisita Lachiwiri kuwakakamiza. Ndinafuna kudzimenya mbama.

Mumasuta kapena kufwenkha fodya? Ndinati fodya timalima, sitidya. Mowa? Ayi. Munadwalapo kumusi muli ndi pakati, kuyabwa, zotuluka zonunkha? Ndinati mauka okha, mwezi wachisanu n'chiwiri. Kusikelo anandipatsa mankhwala ndi kakalata koti abambo abwere nawonso adzalandire. Anabwera? Ndinayang'ana apongozi. Sanabwere, fodya anali pothyola. Zinabwereranso? Zinabwereranso.

Dzina la matendawa ndakopera pa fayilo chilembo ndi chilembo: chorioamnionitis. Akuti ndiye kuti thumba la mwana ndi madzi ake zalowa tizilombo. Mwana wanga wakhala akusambira m'menemo, akumeza, ine ndili kalikiliki kuchapa nsanza kuseri kwa bafa.

Mankhwala anga, onse m'diripi: ampicillin maola asanu n'limodzi aliwonse, gentamicin kamodzi patsiku, metronidazole katatu. Kutentha m'mawa 38.4, masana 38.6. Bala likukoka ndikatsokomola.

Loweruka, 12 Epulo

38.1. Achotsa paipi ya mkodzo. Ndayenda mpaka pakhomo, kenako maso anachita mdima.

Andikankha panjinga ya odwala kupita ku nazale. Kumeneko kukutentha ngati m'chigafa masana. Tiana tili m'timabedi awiriawiri. Wanga ali yekha pakona, pa pepala alemba dzina langa. Timapaipi ta mpweya m'mphuno, ina yodyetsera, nsingano pakadzanja atamanga ndi pulasitala mpaka chigongono. Chifuwa chikukwera ndi kutsika mofulumira moti ndinalephera kuwerenga. Namwino wa kumeneko akuti 78 pa mphindi, zoyenera ndi zosapitirira 60. Ali ndi tsitsi lambiri ndi makutu a bambo ake, otambasuka. Ndinamugwira phazi. Linali lotentha. Sanalibweze.

Naye akubayidwa ampicillin ndi gentamicin. Ndafunsa kuti achira? Akuti tiyeni tione masiku awiri atatu akubwerawa. Ndafunsanso. Ayankha zomwezo.

Akufuna mkaka maola atatu aliwonse. Ndafinya mpaka misozi, m'kapu mwagwa timadontho tachikasu tosadzaza supuni. Akuti n'tokwanira, ndi mankhwala amenewo. Popeza sindingayende kasanu n'katatu patsiku, kapuyo akunyamula ndi apongozi, atavindikira ndi sosala, akuyenda ngati anyamula dzira. Sindikuwalankhula. Ndimangoika kapu pa kabati, iwo amatenga.

Masana kwabwera a Chiukepo. Anunkhitsa wodi yonse fodya, zala zakuda ndi utomoni. Anandibweretsera nthochi ndi mtedza wokazinga. Anayamba ndi mawu okweza: ndani ananama kwa anamwino, chifukwa chiyani amama anatenga zinthu za kumudzi, bwanji inu ophunzira simunadziwe.

Ndinawasiya amalize. Kenako ndinati, “Kakalata ka kusikelo kaja kali kuti?”

“Kati?”

“Kaja ndinakupatsani mu Febuluwale, koti mukalandire mankhwala. Munakakulungira mbewu ya tomato. Adokotala akuti matenda amene aja nawonso amafooketsa thumba. Ndiye ngati mukufuna wolakwa, khalani pansi apa, tilipo ambiri.”

Azimayi a mabedi oyandikana anasiya kutafuna. A Chiukepo anavula chipewa. Apita kukaima pazenera la nazale nthawi yaitali, chifukwa amuna salowa. Pobwera maso anali ofiira. Akuti Lolemba akaima pamzere wa mankhwala. Fodya akuti wanyowa mbali imodzi. Ndinati anyowe yense.

Lamulungu, 13 Epulo

Mwana wakomoka m'mawa. Kadzanja ndi kamwendo kugwedezeka, maso m'mwamba. Ndinalipo. Mphindi ziwiri, akuti. Ine ndinaona ngati tsiku.

Amubaya mankhwala oletsa kukomoka. Shuga wake anatsika, amuwonjezera m'diripi. Atenga madzi a pamsana kukayeza.

Kwabwera akwaya ndi masamba a kanjedza kudzaimbira odwala. Ndinafunda chitenje kumutu.

Ine 37.8. Sindikufuna kudya.

Lolemba, 14 Epulo

Sanakomokenso. Maola 26 tsopano. Kupuma 70.

Sindikukhazikika. Bala likuwawa koma ndapita ku nazale kanayi wapansi, nditagwira khoma. Namwino akuti mayi, mung'ambula ulusi. Ndikakhala pabedi mutu umayamba kuwerenga. Ndikanati ndinene Lachisanu lomwelo. Ndikanati ndisasambe Lolemba lija. Ndikanati ndifike msanga kusikelo tsiku limodzi lokha. Ndikamaliza ndimayambiranso poyamba.

Patuma wabwera kudzatsanzika. Anachira Lachitatu lomwelo, mwana wamwamuna, koma anamusunga chifukwa anataya magazi ambiri. Lero akutuluka. Anakhala m'mphepete mwa bedi langa, mwana wake ali pabere, akuyamwa mochita kumveka. Ndinayang'ana kumbali. Ndinachita nsanje, ndilembe zoona, nsanje yoipa.

“Achemwali, nkhani yanu yafala wodi yonse ija. Dzulo ndinamva Sisita akufunsa mtsikana watsopano kuti, kodi pali madzi alionse akutuluka kumusi, ambiri kapena ochepa, ngakhale mukuganiza kuti ndi mkodzo? Anafunsa katatu mpaka mtsikanayo anadabwa.”

Ndinati zithandize ena, wanga zamupeza kale. Patuma sanakwiye. Anandisiyira nzimbe ziwiri n'kunena kuti, “Apongozi anuwo muziwayankha. Chilowereni kuno sindinawaone akudya.”

A Chiukepo aimba kuti alandira mankhwala, jakisoni mmodzi ndi mapiritsi a sabata. Ndinati mwachita bwino.

Lachiwiri, 15 Epulo

Ine 37.1. Andichotsa diripi, tsopano ndi mapiritsi. Mkaka wabwera wambiri, mabere alimba ngati maungu. Ndadzaza kapu theka.

Zotsatira za madzi a pamsana zabwera. A Davison akuti tizilombo sitinafike ku ubongo, tili m'magazi ndi m'mapapo. Ndinafunsa ngati ndi nkhani yabwino. Akuti ndi yabwino kuposa inayo. Anthu awa kuti anene mawu oti “achira” mpaka uwagwire pakhosi.

Kupuma 62. Mpweya auchepetsa. Ndinalowetsa chala m'kadzanja kopanda pulasitala, anafumbata. Pang'ono, koma anafumbata. Ndinaitana namwino kuti adzaone, iye akuti ana onse amatero. Onse amatero, inde, koma uyu Loweruka sankatero.

Apongozi pobwera kudzatenga kapu ya masana ndinawauza kuti pa kabati pali nthochi, adye. Anati yewo. Anadya imodzi ataimirira, atatembenukira kukhoma.

Lachitatu, 16 Epulo

Sabata yathunthu chibadwire.

Ndafika ku nazale 9 koloko ndapeza phokoso. Mwana wina akulira mokalipa, mawu osasa ngati kamwana ka mbuzi. Ndinadutsa timabedi tonse kupita pakona panga, n'kupeza kuti wolirayo ndi wanga. Wazula yekha paipi yodyetsera, waigwira m'manja, nkhope yofiira. Namwino akuti, “Mwana wanuyu ndi wamakani, watengera ndani?” Ndinakhala pansi pasimenti, osasamala za bala, n'kulira naye limodzi.

Akuti poti wazula, tiyese bere. Koyamba anangonyambita n'kugona. Kachiwiri anafunafuna, n'kuphonya, n'kukwiya. Kachitatu anagwira. Abale inu, kupweteka kwake! Zinakoka mpaka m'bala. Anayamwa mphindi zinayi, ndinayang'ana wotchi ya pakhoma.

Mpweya achotsa 2 koloko kuti aone. Kupuma 54. Kutentha kwake 37.0. Ndabwererako 4 koloko, 5 koloko, 6 koloko. Sanabwezeretse.

Lachinayi, 17 Epulo

Amubweretsa. Ali pano, pabedi 3, pambali panga. Nsingano ikadali pakadzanja chifukwa jakisoni apitirira mpaka akwane masiku khumi, ndipo akuti tizidzabwera naye kuti aziona makutu ndi kakulidwe kake. Makilogalamu 2.7, watsika pang'ono. Ndinawafunsa a Davison funso langa lija. Anatseka fayilo n'kunena kuti, “Mayi, mwana wanu wachira.” Ndinawauza kuti abwerezenso, anabwereza.

Vuto ndi matewera. Ndinabwera ndi anayi okha, awiri ndinang'amba kale kupanga nsanza masiku aja. Otsalawo mtsikanayu wawamaliza usanakwane ndi masana omwe, ndipo kunja kukuwaza mvula, sakuuma.

Apongozi anaima kumapazi kwa bedi nthawi yaitali. Chibadwire mwanayu sanamunyamulepo, ku nazale ankangopereka kapu pakhomo. Kenako anawerama n'kusolola m'chikwama chawo chitenje chatsopano, chopindidwa bwino, pepala la kusitolo likadali pomwepo. Chobiriwira, cha maluwa oyera.

“Amama, chimenechi mwagula liti?”

“Pa Sabata. Mwana atakomoka.”

Kwathu khanda likapita osatuluka chikuta, bokosi sakhoma. Amalikulunga m'nsalu, azimayi okhaokha n'kukaliika.

“Munagulira zimenezo?”

Anavomera ndi mutu. Sanandiyang'ane, ankayang'ana mwana. “Anga atatu oyamba, Chiukepo asanabadwe, ndinawakulunga m'zigamba zakale. Panalibe china. Ndinati uyu ndamulakwira ndine, apite m'chatsopano.”

Zimenezi sanandiuzepo munthu, ngakhale a Chiukepo. Ndinafuna kukalipa kuti anamuika mwana wanga m'manda akupuma.

Anafunyulula chitenjecho, n'kuluma m'mphepete ndi mano, n'kuching'amba pakati. Phokoso lake linadzutsa wodi yonse. Anang'ambanso, n'kung'ambanso, mpaka zidutswa zisanu n'chimodzi. Mayi wa pa bedi 4 akuti, “Agogo, mwapenga? Chitenje chatsopano!” Apongozi anapinda chidutswa chimodzi katatu pabondo, mwaluso, n'kutambasula manja.

“Nipaseni, NyaPhiri.”

Ndinawapatsa. Anamuveka thewera lobiriwira la maluwa oyera, akumulankhula Chitumbuka chapansipansi chomwe sindinamve chonse.

Sipanathe mphindi khumi, waliipitsa kale. Apongozi apita nalo kumpopi, atsala asanu.